Kuyendera Nyumba Isanamangidwe

Lero tikambirana za m'mene masewera a pa kompyuta, amene ambiri timawayesa chibwana, asinthira ntchito ya akatswiri olemba mapulani a nyumba.

Kuyambira kale pulani imalembedwa pa pepala. Koma mwini nyumba wosazolowera mizere yake sangadziwe ngati chipinda chidzakhala chothina kapena chamdima. Amadzazindikira makoma atakwera kale, ndalama zitapita. Makompyuta atabwera anayamba kujambula nyumba yosamangidwa ngati yeniyeni, koma chithunzi chimodzi chokha chinkatenga maola ambiri.

Opanga masewera sakanalola kuchedwa kotere. Wosewera akatembenuka, kompyuta iyenera kujambula malo onse mwatsopano ka 30 kapena ka 60 pa sekondi imodzi, apo ayi zithunzi zimadukiza. Chotero anthuwa analimbikira kufunafuna liwiro. Mu 1996 masewera otchedwa Quake anaonetsa zipinda zimene munthu ankayendamo nayang'ana mbali zonse. Mu 1998 kampani ya Epic Games ya ku America inatulutsa Unreal, ndipo mu 1999 kampani ya Nvidia inatulutsa GeForce 256, kachipangizo kofulumizitsa kujambula.

Olemba mapulani ataona zimenezi anabwereka zida za anzawowo. Pulogalamu yawo ina yotchedwa Twinmotion, imene Epic Games inagula mu 2019, imayendera Unreal Engine, makina omwe aja a masewera. Tsopano mwini nyumba angathe kulowa pakhomo, kudutsa pabalaza mpaka kukhitchini, njerwa ngakhale imodzi isanayalidwe. Katswiri amayendetsa dzuwa kuyambira m'mawa kufikira madzulo kuti aone kumene mthunzi udzagwera. Zenera likakhala posayenera, amalisuntha nthawi yomweyo popanda kugumula khoma.

Anthu wamba nawonso apeza polankhulira. Mu 2012 bungwe la UN-Habitat linagwirizana ndi kampani ya Mojang, imene inapanga masewera a Minecraft, pa ntchito yotchedwa Block by Block. Ku Kibera, mu mzinda wa Nairobi, achinyamata anagwiritsa ntchito masewerawa poonetsa m'mene ankafunira kuti bwalo lawo likonzedwe.

Komabe, omvera, akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi chimaonetsa maonekedwe okha; sichiyesa dothi, maziko, kapena kulemera kwa denga. Mukachiona, funsaninso pulani yokhala ndi miyeso yonse musanagule simenti.

Mpaka tidzakumanenso, tsalani bwino.