Batani lija silikhala m'fayilo yanu

Tsiku lina Lachisanu lakumapeto kwa mwezi, dzuwa litapendeka, foni yanga inalira. Anali mkulu wa zachuma pa ofesi ina yomwe ndimaithandiza pa za makompyuta. "Achimwene, tabwerani msanga. Kompyuta ya kalaliki wathu yalowa vairasi, apo ayi mwiniwakeyo akutiseweretsa."

Nditafika ndinapeza kalalikiyo, mayi wachitsikana yemwe anali atangobwera kumene kuchokera kutchuthi cha uchembere, atakhala phee, maso ali psuu. Mlandu wake unali wotere. Fayilo ya malipiro ndi imodzi, ya Excel, imakhala pa seva ndipo amaitsegula anthu anayi. Atatu akadina batani lowerengera malipiro lomwe lili pamwamba pa pulogalamuyo, msonkho wa PAYE umatuluka bwinobwino. Iye akadina batani lofanana ndi lomwelo, m'fayilo yomweyo, aliyense amadulidwa msonkho wopyola muyeso. Kuwonjezera apo, fayilo ina inkatseguka yokha popanda woiitana. Abwana anali atayamba kale kutchula za kalata yachenjezo.

Ndinene mosabisa: mawu oti "vairasi" anditopetsa. M'maofesi mwathu asanduka ufiti watsopano. Chilichonse chimene sitikuchimvetsa ndi vairasi, ndipo vairasi ikakana mlandu timaloza chala wamng'ono pantchito. Koma bodza lenileni lomwe linatsala pang'ono kumuonongera mbiri mayiyu ndi lina, ndipo amalikhulupirira ngakhale anthu ophunzira bwino: lakuti batani limene mukuliona pa toolbar, kamzere ka zizindikiro kali pamwamba paja, limakhala m'kati mwa fayilo yanu. Nthawi zambiri silikhalamo.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza. Choyamba ndi macro, ndandanda wa malangizo omwe munthu analemba kuti Excel izigwira yokha ntchito yobwerezabwereza: tenga malipiro, chotsa penshoni, werengera msonkho, lemba zotsala. Chiyambire Excel 5.0 mu 1993, malangizowa amalembedwa m'chinenero chotchedwa VBA, ndipo amasungidwa m'fayilo momwemo, masiku ano ija yothera ndi .xlsm. Chachiwiri ndi batani. Batani silidziwa kuwerengera ngakhale tambala imodzi. Lili ngati mesenjala amene munamuuza tsiku loyamba kuti, "Ndikakuitana, uzipita pakhomo lakuti, ukadzutse uje agwire ntchito." Chomwe amasunga m'mutu ndi khomo ndi dzina basi. Ndipo mesenjalayu amagona m'kompyuta yanu, pansi pa dzina lomwe mumalowera, m'kafayilo kotchedwa Excel.officeUI komwe ambiri sanakaonepo. Anthu anayi, makompyuta anayi, amesenjala anayi. Yunifolomu ndi imodzi, koma aliyense ali ndi khomo lake m'mutu.

Tsono zomwe zinachitika pa ofesi ija nzosavuta. Boma litasintha malire a msonkho, wina anatenga fayilo yakale, nkupanga Save As, nkuipatsa dzina latsopano, nkukonza manambala m'macro. Anazungulira makompyuta atatu kukonza mabatani. Yachinayi inali yothima, mwiniwake akulera khanda kunyumba. Atabwerera, batani lake linkapitabe kukhomo lakale: limatsegula fayilo ya chaka chatha, nkudzutsa macro yakale, ndipo macro imeneyo inalembedwa kuti izigwira ntchito pa ActiveWorkbook, kutanthauza fayilo iliyonse yomwe yaikidwa patsogolo pake. Malamulo akale, malipiro atsopano.

Sindinatsegule chida chilichonse chozizwitsa. Ndinangosintha dzina la fayilo yakale ija, nkumupempha mayiyo kuti adinenso batani lake abwana akuona. Excel inadandaula kuti siikupeza fayilo, nkulemba dzina lonse ndi foda yake pagalasi. Mesenjala anaulula yekha kumene ankapita.

Vutoli ndi lakale kuposa ambiri mwa makalaliki omwe likuwazunza lero. Mu Excel 2003 ndi zam'mbuyo mwake, munthu ankatha kupanga toolbar yakeyake nkuimata ku fayilo, ndipo ankaganiza kuti wathana nazo. Koma fayiloyo ikatsegulidwa koyamba pa kompyuta ina, toolbar ija inkadzikopera m'kafayilo ka .xlb ka kompyutayo nkukhazikika. Mukadzatumiza yokonzedwa ya dzina lomwelo, Excel inkaona kuti ilipo kale nkusiya yakale ija. Mu 2007 Microsoft inachotsa ma toolbar amenewo nkubweretsa Ribbon, ndipo ambiri tinaganiza kuti matendawa apita nawo. Anangosamukira pa kamzere kakang'ono kotchedwa Quick Access Toolbar.

Nkhani imakula fayilo ikakhala yogawana. Njira yakale ya Share Workbook, imene Microsoft inaibisa nkuitcha Legacy koma maofesi ambiri akuikakamirabe, imalola anthu angapo kulemba nthawi imodzi, koma pamtengo wake. Macro yomwe ilimo kale mutha kuiyendetsa, koma simungaione, kuisintha, kujambula yatsopano kapena kuilumikiza ku batani la papepala. Macro ikayesa kuchita chinthu choletsedwa m'fayilo yogawana, monga kufufuta sheet kapena kuchotsa chitetezo chake, imaima pakati pa njira, ntchito itagwirika theka. Kuti mukonze chilichonse muyenera kuyamba mwachotsa kugawanako, ndipo mukatero mbiri yonse ya yemwe anasintha chiyani imafufutika. Apa ndinachita kuwagwira mkono abwana aja asanachotse kugawanako, chifukwa mbiri yomweyo ndi imene ankafuna kuigwiritsa ntchito pamlandu wa kalaliki wawo. Njira yatsopano yogawana kudzera pa OneDrive kapena SharePoint ndi yabwinoko, koma nayonso ili ndi msampha: amene watsegula fayilo mu browser sangayendetse macro ya VBA ngakhale pang'ono.

Sindikunena kuti mavairasi a macro kulibe. Melissa, mu 1999, inafalikira kudzera m'macro ya Word nkudzaza ma imelo a makampani ambirimbiri, ndipo kuyambira mu 2022 Microsoft imatsekereza ma macro a m'mafayilo ochokera pa intaneti. Mukalandira fayilo kwa munthu wosamudziwa ikukupemphani kuti mulole ma macro, ikaneni. Koma vairasi siikhala pansi kuwerengera PAYE molondola ndi malamulo a chaka chatha. Cholakwika chikakhala chaudongo chotero, chofanana mwezi ndi mwezi, funani munthu yemwe anapanga Save As.

Kunena chilungamo, mlandu waukulu ndi wathu, ife olemba ma macro. Timakonda batani la pamwamba chifukwa limaoneka lapamwamba, ngati linabadwa ndi Excel, ndipo kasitomala amasangalala. Sitimuuza kuti tamumangira nyumba pamchenga. Komanso amene anakwirira malire a msonkho m'kati mwa macro, m'malo mowaika m'ma cell pomwe wowerengera ndalama aliyense angawaone nkuwasintha, anachita ulesi. Ndanena. Nanenso ndinachitapo zimenezi ndili wachinyamata.

Nanga mutani?  Ngati macro ndi ya fayilo imodzi, ikani batani pa sheet penipenipo, kabokosi kojambula kolumikizidwa ku macro. Limenelo limayenda ndi fayilo, ngakhale kuti mukakopera sheet yokhayo kupita nayo kwina likhoza kukumbukirabe kwawo. Ngati mukufunabe la pamwamba, polipanga pali kabokosi kofunsa ngati likhale la mafayilo onse kapena la fayilo iyi yokha. Sankhani chachiwiricho, ndipo muchite musanayambe kugawana. Ofesi yokulirapo ingachite bwino kuika ma macro onse mu add-in imodzi ya .xlam, koma pamafunika munthu woisamalira, ndipo akachoka ntchito mudzandiimbiranso. Onaninso kuti seva isakhale S: pa kompyuta ina ndi Z: pa inzake, poti mesenjala amasunga ndi chilembo chomwe. Ndipo musanadine batani lililonse lokhudza ndalama, sungani kope pambali: zomwe macro yachita, Ctrl+Z siibweza. Izi zimathandiza nthawi zambiri, osati nthawi zonse; zimatengera Excel yomwe muli nayo, ndipo m'maofesi mwathu si zachilendo kupeza mitundu itatu m'chipinda chimodzi.

Tsiku lija ndinafufuta batani la mayi uja, nkuchotsa kaye kugawana kuja, nkuika limodzi pa sheet la onse anayi. Malipiro anatuluka mdima utagwa. Kalata yachenjezo sinalembedwe, koma mawu oti pepani sindinawamve. Fayilo yakale ija ndinapempha kuti tiisamutsire kufoda ina. Anakana, ati mwina ma auditor adzaifuna pomwepo. Ndikunyamula chikwama, abwana ananditsatira mpaka pakhonde.

"Zikomo kwambiri, achimwene. Komabe Lolemba mubwere mudzaikemo antivirus yamphamvu."