Nsomba zikamamenya nyambo koma osameza

Mvula yoyamba itagwa chaka chatha, ngumbi zinagwera pa dziwe langa ndipo chilunguni chinayamba kulimbirana pamwamba pa madzi. Ine ukonde ndilibe. Ndimachita kubwereka wa kalabu, ndipo ukakokedwa umavundula matope ndi kuvulaza tiana ta nsomba. Tsono ndinaganiza zoyesa nzeru imene ndinaiona pa phiri la Zomba, kumene anthu amawedza nsomba za trout mu mtsinje wa Mulunguzi ndi kanyambo konamizira ka nthenga koyandama.

Ndinazula nthenga za m'khosi mwa tambala, n'kuzimanga pa mbedza ndi ulusi wosokera kuti zioneke ngati ngumbi. Nditaponya ndi kansungwi kanga, nsomba inamenya pompo. Kukoka, palibe kanthu. Masiku atatu zinali zomwezo, ndipo mayi akunyumba anati tambala uja ndamuzunza chabe.

Alimi anzanga, vuto linali mbedza. Chilunguni chili ndi kamwa laling'ono, ndipo chimadya pokoka chakudya pamodzi ndi madzi. Mbedza yanga inali ya nambala 6, nthenga zake zambiri ndi zolimba, moti nsomba ikati imeze, nyambo inkangogunda milomo n'kukankhika. Dziwani kuti nambala ikamakula mbedza imachepa. Ndinagula ya nambala 12, yomwenso anthu a ku America amakonda powedza nsomba zawo za kamwa laling'ono zotchedwa bluegill. Nthenga ndinazichepetsa, za m'munsi n'kuzidula ndi lumo kuti nyambo ikhale m'madzi theka, monga imachitira ngumbi yonyowa mapiko.

Vuto lina linali phuma langa. Madzi akangoti phava ndinkakoka ndi mphamvu, nsomba isanatseke kamwa. Tsopano ndimawerenga kawiri mumtima, kenaka n'kukweza nsungwi pang'onopang'ono. Nthawi zinanso omenyawo amakhala matemba, ndiye musataye nawo nthawi, sunthani.

Madzulo a tsiku lachinayi ndinagwira nsomba 14. Zing'onozing'ono ndinazibwezera m'dziwe, zikuluzikulu 9 ndinakagulitsa pamsika m'mawa mwake, ndalama ya feteleza wobereketsa n'kuyambika. Dzuwa likakhala pamutu sizikwera pamwamba, ndipo ngumbi zitatha kumenya kunachepa, ndinabwerera ku nyongolotsi.