Nkhani yoopsa ikachoka m'buku kupita pa kanema

Mafilimu ambiri oopsa amene achinyamata amathirana m'mafoni kapena kuonera m'nyumba za vidiyo ku Ulongwe, ku Zobue ndi m'misika ina ya m'malire sanayambire pa kamera. Anayamba ali mabuku. Mmodzi mwa olemba amene nkhani zawo zajambulidwa kwambiri ndi Stephen King wa ku America, yemwe anabadwa mu 1947.

Buku lake loyamba kusindikizidwa, Carrie, linatuluka mu 1974. Mwini wake anali atataya masamba oyamba poganiza kuti nkhaniyo siikoma, koma mkazi wake Tabitha anawatola n'kumulimbikitsa kuti amalize. Mu 1976 Brian De Palma anajambula filimu yake, ndipo kuyambira pamenepo makampani a mafilimu akhala akulimbirana mabuku a mkuluyu.

Ntchitoyi imayamba ndi ndalama. Kampani siingangotenga buku la munthu n'kulijambula, imayenera kugula chilolezo. Kawirikawiri imayamba yapereka ndalama zochepa zogwirira nkhaniyo kwa nthawi yoikika, monga mmene munthu amaperekera chikole pa ng'ombe kuti isagulitsidwe kwa wina. Ikapeza ndalama zojambulira imamaliza kulipira, ikalephera nkhaniyo imabwerera kwa mwini wake.

Kenako pamabwera vuto la utali. Olemba mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi la zolemba zawo limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, choncho filimu ya maola awiri ndi masamba ngati 120 basi. Koma buku la King lotchedwa It, la mu 1986, lili ndi masamba oposa 1,000. Limakamba za ana asanu ndi awiri a m'tauni ya Derry amene akulimbana ndi chilombo chodzisandutsa munthu wosangalatsa ana, dzina lake Pennywise, chomwe chimabwerera pakatha zaka 27 zilizonse. Mu 1990 wailesi ya kanema ya ABC inaonetsa nkhaniyi m'magawo awiri, ndipo popeza inali wailesi yoonera banja lonse, zamagazi zambiri zinachotsedwa. Andy Muschietti atajambulanso anaigawa mwa njira ina: filimu ya mu 2017 inatenga nthawi ya ubwana wawo yokha, ya mu 2019 n'kutenga ya ukulu wawo. Yoyambayo inabweretsa ndalama zoposa madola 700 miliyoni. Apa ndi pamene wailesi ya kanema imaposa filimu, chifukwa nkhani yoonetsedwa m'magawo, monga mmene zimayendera novela za ku Brazil, imakhala ndi malo oti anthu ake adziwike bwino zoopsa zisanayambe.

Vuto lalikulu kuposa utali ndi lakuti mantha a m'buku amakhala m'mutu mwa munthu, pomwe kamera imaona zakunja zokha. Chitsanzo chomveka kwa alimi ndi nkhani yotchedwa 1922, imene King anatulutsa mu 2010 ndipo Netflix inaonetsa filimu yake mu 2017.

Wilfred James ndi mlimi wa chimanga ku Nebraska. Ali ndi munda wake wa maekala 80, ndipo mkazi wake Arlette walandira maekala 100, pafupifupi mahekitala 40, kuchokera kwa malemu bambo ake. Mayiyo akufuna kugulitsa malowo ku kampani yopha nkhumba kuti banja lisamukire mu mzinda wa Omaha. Bamboyo sakufuna kumva za m'tauni. Amanyengerera mwana wawo Henry, wa zaka 14, ndipo awiriwo amapha mayiyo n'kuponya mtembo m'chitsime chakale. Kuti pakhale chifukwa chokwirira chitsimecho, amagwetseramo ng'ombe. Zitatero makoswe a m'chitsime muja amayamba kumutsata. Lina limamuluma dzanja mpaka madokotala kulidula, mwana uja amathawa n'kukafera kutali, ndipo malo amene anaphera munthu amagulitsidwa pa mtengo wozizira.

Buku lonseli ndi kalata imene Wilfred akulemba mu 1930 ali m'chipinda cha hotela, kuulula tchimo lake. Wowerenga sadziwa ngati makoswewo alipodi kapena ndi chikumbumtima chimene chikumudya, ndipo pamapeto nyuzipepala imanena kuti anapezeka atafa, mabala ake akuoneka ngati anadziluma yekha. Zak Hilditch, amene anajambula filimuyi, anasunga mawu a kalatayo kuti azimveka pamene zithunzi zikuyenda, koma kamera inayenera kuonetsa chinachake. Choncho makoswe akuonekadi ndi maso, ndipo pamapeto akufa aja amabwera m'chipindamo atatenga mpeni. Filimuyi ndi yabwino, komabe kukayikira kuja kumene kumachititsa bukulo kuzizira m'nkhongono kunachepa.

Nthawi zina kusinthaku kumayambanitsa wolemba ndi wojambula. The Shining, ya mu 1977, ndi nkhani ya bambo wolimbana ndi uchidakwa amene wapeza ganyu yolondera hotela ya kumapiri nthawi yozizira, ali ndi mkazi wake ndi mwana wawo wamng'ono. Stanley Kubrick atajambula mu 1980 anasintha zambiri. M'buku hotelayo imaphulika chifukwa cha thanki yotenthetsera madzi, m'filimu bamboyo amafa ndi chisanu panja. Wophika amene anabwera kudzathandiza mwanayo amapulumuka m'buku, m'filimu amaphedwa ndi nkhwangwa. King sanabise kuti sanakondwe nazo. Chachikulu chimene anadandaula n'chakuti Jack Nicholson amaoneka wosokonekera mutu kuyambira pachiyambi, pomwe m'buku ndi bambo wokonda banja lake amene akugwa pang'onopang'ono. Mu 1997 King analemba yekha ina ya magawo atatu ya pa wailesi ya kanema, yotsata buku ndendende. Chodabwitsa n'chakuti imene anthu amaikumbukira ndi kuitama mpaka lero ndi ya Kubrick ija. Kutsata buku mokhulupirika sikutanthauza kuti filimu ikoma.

Kutenga buku n'kulijambula si zachilendo kuno kwathu. Terra Sonâmbula ya Mia Couto, ya mu 1992, yomwe si nkhani ya zilombo koma ya nkhondo ya pachiweniweni, inajambulidwa ndi Teresa Prata mu 2007, ndipo nayenso anayenera kusankha zoti alowetse ndi zoti asiye.

Pali kusiyana kwina kumene kumakhudza makolo. Mwana wowerenga buku amaona zoopsa molingana ndi mmene maganizo ake angathere, ndipo akachita mantha amalitseka. Pa kanema zithunzi ndi phokoso zimam'fikira zili zokonzeratu ndi akuluakulu odziwa kudzidzimutsa. N'chifukwa chake ku America mafilimu a It a mu 2017 ndi 2019, ngakhale anthu ambiri a m'filimu yoyambayo ndi ana ndipo pachikuto pali munthu wosangalatsa ana atanyamula chibaluni chofiira, anapatsidwa chizindikiro cha R: wosakwana zaka 17 saloledwa kulowa m'nyumba ya kanema popanda kholo kapena womuyang'anira wamkulu. Filimu ikathiridwa m'foni pamsika, chizindikirocho nthawi zambiri sichioneka n'komwe.