Kuwala kumene kumasema chitsulo

Amene anaimapo m'mbali mwa nyanja ku Karonga amaidziwa mizere imene mafunde amasiya pamchenga, yondondozana ngati mizere ya m'munda. Kuwala nakonso kumayenda ngati mafunde, ndipo kumatha kusiya mizere yotereyi pachinthu cholimba. Milton Birnbaum anaiona mu 1965, atalunjikitsa laser pamwala wa germanium.

Laser ndi kuwala kwamphamvu kolunjika malo amodzi. Ikayaka nthawi yaitali imasungunula chitsulo, m'mphepete n'kukhala mopsereza. Koma pali ina imene imangoti phethi, kwa nthawi yoyezedwa m'ma femtosecond. Kufupika kwake n'kovuta kukhulupirira: kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, koma m'ma femtosecond 100 sikuoloka ngakhale kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kutentha sikupeza mpata wofalikira. Kachikhungu kapamwamba kokha ndi kamene kamachoka, pansi pali bwinobwino. Njira yopatsa mphamvu kuthwanima kotereku anaitulukira Donna Strickland ndi Gérard Mourou mu 1985, ndipo inawapatsa mphotho ya Nobel mu 2018.

Nanga mizereyo imachokera kuti? Palibe chitsulo chosalala kotheratu. Kuwala kukagunda timabampu, kwina kumamwazika n'kuyenda chokwawa pamwamba pachitsulocho, kenako kumakumana ndi kumene kukubwera. Pena mafunde awiriwa amathandizana, pena amafafanizana. Pamene athandizana chitsulo chimadyeka, pamene afafanizana chimatsala. Laser ikabwereza kambirimbiri, tingalande timazama, ndipo timathithikana kotero kuti topitirira 1,000 timakwana mu milimita imodzi.

Phindu lake mungalione patsamba la koko. Madzi sakhazikika pamenepo chifukwa cha timabampu tosaoneka ndi maso timene timasunga mpweya pansi pa dontho. Mu 2015, Chunlei Guo ndi Anatoliy Vorobyev a ku University of Rochester anasema zitsulo ndi laser mpaka dontho likagwapo limadumpha, n'kugubuduka litatenga fumbi. Popeza ndi chitsulo chenichenicho chosemedwa, palibe utoto woti usupuke. Iwo ankaganizira za zimbudzi zosafuna madzi ambiri ndi ziwiya zokololera madzi a mvula, zinthu zimene aliyense wotunga madzi kutali m'chilimwe angazilandire ndi manja awiri.

Chovuta n'chakuti ntchitoyi ndi yachidodo. Panthawiyo, kusema kachidutswa kotalika inchi imodzi mbali zonse kunkatenga ola lathunthu.