St Helena, chilumba chimene zombo zinachisiya

Ndikatchula St Helena, ambiri amakumbukira Napoleon amene anafera ku ukaidi kumeneko mu 1821. Ine ndimakumbukiranso Dinuzulu, mfumu ya Azulu, amene Angelezi anamuponya komweko mu 1890, komanso akapolo zikwizikwi omwe anawomboledwa panyanja koma n'kumwalira atangotsika m'zombo. Manda a akapolowo ali m'chigwa cha Rupert's.

Chilumbachi chili m'nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 1,900 kuchokera kugombe la Africa. Apwitikizi anachipeza mu 1502 chilibe munthu, ndipo East India Company inakhazikikapo mu 1659. Lero bwanamkubwa amachokera ku Britain, koma eni chilumba, pafupifupi 4,000, amasankha okha aphungu 12. Kuyambira 2021 ali ndi nduna zawozawo.

Chuma ndiye chimandidetsa nkhawa. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, zombo zambiri zinasiya kuima padoko la Jamestown, malonda n'kuzilala. Khofi, nsomba ndi alendo sizikwanira, choncho boma limayendera thandizo la Britain. Ndege zochokera ku Johannesburg zinayamba mu 2017, komabe achinyamata akupitabe kunja kukasaka ntchito. Popanda ntchito zokhalitsa, bwalo la ndegelo silingawabweze kwawo.