Tulo Tobwerabwera mwa Achinyamata

Ife makolo a kuno kwa Kadewere tikaona mnyamata ali gone dzuŵa lili paliwombo, anzake atapita kale kumunda kapena kusukulu, timafulumira kunena kuti ndi ulesi. Ena amaganizira chamba, enanso ufiti. Komatu alipo matenda osoŵa amene amagoneka mwana motero, ndipo nkwabwino kuti tiwadziŵe tisanathyole mkwapulo.

Matendaŵa amatchedwa Kleine-Levin, potsata madokotala aŵiri amene anawalongosola: Willi Kleine wa ku Germany mu 1925, ndi Max Levin wa ku America mu 1936. Amagwira anthu oŵerengeka chabe pa miliyoni, makamaka anyamata a zaka 13 kufikira 19, ndipo kaŵirikaŵiri amayamba mwana atangodwala chimfine. Wodwalayo amagona maola 15 kapena 20 pa tsiku kwa masiku angapo, mwinanso milungu. Akadzutsidwa amakhala ngati akulota, amapsa mtima msanga, ndipo ena amadya mosadziletsa. Pambuyo pake amatsitsimuka nakhala bwino miyezi ingapo, kenaka tulo tija nkubweranso.

Mankhwala ochiziratu sanapezeke. Nthaŵi zina madokotala amapereka lithium kuti tuloto tisabwere pafupipafupi, koma womwa mankhwalaŵa ayenera kupimidwa magazi kaŵirikaŵiri. Chotonthoza mtima nchakuti kwa ambiri matendaŵa amazilala okha patapita zaka.

Tsono tichitenji? Choyamba, tipite naye msanga ku chipatala cha boma cha Chiradzulu, kumene angatitumize ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Pakuti malungo a mu ubongo nawonso amagoneka munthu. Chimodzimodzinso kaodzera, amene amafalitsidwa ndi kashembe ku Nkhotakota, Kasungu ndi Rumphi, ndipo amapha akapanda kuchizidwa. Ngati mwanayo anapitako kumeneko, timuuze dokotala.

Dokotala akatsimikiza kuti ndi Kleine-Levin, ntchito yaikulu ili pakhomo. Timleke agone pamalo a bata, koma tizimdzutsa kuti amwe madzi ndi kudya. Asakwere njinga, asapite yekha kuchitsime kapena kukhala pafupi ndi moto. Tilembe m'kope tsiku limene tulo tayamba ndi limene tatha, pakuti dokotala amadalira zimenezi. Tiwadziŵitsenso aphunzitsi, kuti asamyese wothaŵa sukulu.

Ndipo inu achinyamata, mnzanu akatsitsimuka musamseke. Mbwerekeni makope anu, kuti mayeso asampeze ali m'mbuyo.