Ukwati wa m'nyengo yozizira: momwe mabanja a ku Katete, Sinda ndi Vubwi angakonzere phwando losasiya ngongole

Chisanu chikayamba kuluma m'miyezi ya Juni ndi Julayi, nthungululu za maukwati zimamveka m'midzi yambiri ya m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, m'Chigawo cha Kum'mawa. Imeneyi ndi nyengo imene alimi amakhala atakolola, nkhokwe zili ndi chimanga, ndipo misewu imene imavuta nthawi ya dzinja imakhala itauma.

Koma nyengo yomweyi ili ndi msampha wake. Ndalama za zokolola zimabwera kamodzi pa chaka, ndipo banja limene lazithera pa phwando la tsiku limodzi limadzazindikira mu Novembala, mvula itagwa, kuti lilibe mbewu kapena feteleza. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wofuna ukwati wa m'nyengo yokolola ayeneranso kukumbukira miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chakudya chimachepa m'makomo.

Chifukwa chake nyengo ino imakondedwa

Anthu ambiri m'maboma atatuwa amadalira ulimi wa chimanga, mtedza, mpendadzuwa, soya ndi thonje. Zokolola zimenezi zimayamba kugulitsidwa nyengo yozizira ikafika, choncho achibale amakhala ndi kenakake koti athandizire pa ukwati. Ntchito ya kumunda imakhalanso itachepa, ndipo anthu amapeza mpata wophika, kutunga madzi ndi kumanga zisakasa.

Kuuma kwa misewu ndi phindu lina lalikulu. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, ndipo midzi yawo yambiri ili kutali ndi msewu waukulu wa Great East Road. Boma la Vubwi lili m'malire ndi Malawi komanso Mozambique, ndipo mabanja ambiri kumeneko ali ndi abale kutsidya. Abale oterewa amafunika kuuzidwa tsiku msanga kuti akonze ziphaso zawo za paulendo.

Kuzizira kumathandizanso kuti chakudya chophikidwa chisasase msanga monga momwe zimakhalira m'mwezi wotentha wa Okutobala.

Kusankha tsiku

Tsiku la ukwati liyenera kuikidwa potsata ndalama imene ili m'manja. Bungwe la Food Reserve Agency limagula chimanga chikauma mokwanira, ndipo mlimi aliyense amadziwa kuti tsiku lopereka zokolola kwa wogula silikhala nthawi zonse tsiku lolandira malipiro. Banja limene laitana anthu podalira ndalama yoyembekezera limakakamizika kukongola kwa akatapila, kapena kugulitsa ziweto pa mtengo wotsika.

M'boma la Katete muli tsiku lina lofunika kulikumbukira. Mwambo wa Kulamba umachitika ku Mkaika Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pamaso pa Kalonga Gawa Undi. M'sabata imeneyo magalimoto amadzaza, malo ogona alendo amasowa, ndipo achibale ambiri amakhala ali ku mwambo. Ukwati umayenda bwino ukachitika masabata angapo mwambowu usanafike.

Mwambo, mpingo ndi lamulo

M'dziko lino ukwati ukhoza kumangidwa mwa mwambo kapena potsata lamulo la maukwati la Marriage Act. Ukwati wa mwambo ndi wovomerezeka ngati mabanja awiri agwirizana ndipo zofunika za mtundu wawo zakwaniritsidwa. Ofuna kalata ya ukwati woterewu amapita ku khoti la Local Court la m'dera lawo. Kalatayo imathandiza kwambiri pa nkhani za chuma cha masiye.

Ofuna ukwati wa lamulo amapereka chidziwitso kwa mlembi wa maukwati ku khonsolo ya boma lawo, ndipo payenera kudutsa masiku 21 chilolezo chisanaperekedwe. Pa tsiku lake pamafunika mboni ziwiri. Ukwati umenewu ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Mipingo nayo ili ndi dongosolo lake la maphunziro ndi zilengezo, choncho abusa kapena ansembe ayenera kuuzidwa miyezi ingapo tsiku lisanafike.

Chinthu china chimene banja lililonse liyenera kudziwa ndi chakuti mu Disembala 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa. Kuyambira pamenepo, ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wopanda mphamvu, ngakhale utamangidwa mwa mwambo. Makolo amene angayesedwe kukwatitsa mwana wa sukulu kamba ka ndalama za zokolola za mwamuna, akuphwanya lamulo.

Ntchito ya ankhoswe

Pa Chichewa, mizati ya ukwati ndi ankhoswe. Iwo ndiwo amalumikiza mabanja awiri, kukambirana za chimalo, ndi kugwirizana ngati banja latsopanolo lidzakhala chikamwini kapena chitengwa. Achewa ndi Ansenga amatsata mbumba ya kuchikazi, ndipo kalelo chimene mwamuna ankapereka chinali chizindikiro cha ulemu. Malowolo a ng'ombe ndi mwambo wodziwika pakati pa Angoni. Ankhoswe anzeru amayamba afunsa kuti ukwatiwo utsata mwambo uti, kuti mnyamata asalipitsidwe za miyambo iwiri pa mkazi mmodzi.

Ankhoswe omwewo akhoza kuteteza thumba la banja. Masiku ano miyambo ya m'tauni monga chilanga mulilo ndi kitchen party yafika ngakhale kumidzi, ndipo uliwonse umafuna chakudya chake, zovala zake ndi galimoto yake. Palibe lamulo lokakamiza kuchita yonse. Malangizo a alangizi akhoza kuperekedwa kunyumba madzulo a tsiku limodzi, ndipo chinkhoswe chikhoza kuyandikana ndi tsiku la ukwati kuti alendo ochokera kutali ayende ulendo umodzi.

Kuwerengera ndalama

Mtengo wa ukwati umakula kapena kuchepa molingana ndi chiwerengero cha anthu odya. Kumudzi nkovuta kuletsa munthu kufika pa ukwati, choncho komiti yokonza iyenera kuwerengera mudzi wonse ndi kuphika chakudya chokwanira khamu. Nsima, nyemba, kabichi ndi nyama ya mbuzi zimafikira anthu ambiri kuposa mpunga ndi nkhuku za m'sitolo.

Chimanga cha ukwati chiyenera kupatulidwa banja litasunga kale chakudya chofika nacho ku zokolola zina, pamodzi ndi ndalama ya mbewu ndi feteleza. Chilala cha 2024, chimene Mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse mu Febuluwale chaka chimenecho, chinaonetsa kuti nkhokwe ya chaka chimodzi siyenera kutheratu pa chikondwerero.

Mutu umodzi susenza denga. Achibale osowa ndalama akhoza kupereka lichero la mtedza, nkhuku, mtolo wa nkhuni kapena ngolo yonyamulira madzi. Zopereka zonse ziyenera kulembedwa m'buku limodzi, kuphatikizapo zimene abale a ku Lusaka kapena ku Copperbelt atumiza pa lamya, ndipo bukulo liwerengedwe pamaso pa mbali zonse ziwiri. Chilimba chimathandiza ngati chayamba miyezi ingapo m'mbuyo. Ndalama zosupa pa tsiku la ukwati zisawerengeredwe ngati zolipirira ngongole, chifukwa palibe amene amadziwa kuti zidzakhala zingati.

Ukwati wosonyeza eni ake

Ukwati wosaiwalika ndi umene anthu amaonamo mkwati ndi mkwatibwi. Zambiri zochititsa zimenezi zili kale pakhomo. Thobwa lophikidwa ndi agogo, ndiwo zotendera, mfutso, mbatata ndi nkhuku ya kumudzi ndi zakudya za nyengo ino, ndipo ndiwo zamasamba zimapezeka m'madimba apafupi.

Chitenje chimodzi chosankhidwa ndi awiriwo chikhoza kusokedwa ndi telala wa pamsika kukhala malaya, madiresi a operekeza ndi nsalu ya pa tebulo. Diresi loyera limabwerekedwa, ndipo jekete labwino limapezeka pa salaula. Mphasa, madengu, zikho ndi malichero zimakongoletsa bwalo popanda kugula maluwa a pulasitiki. Kwaya ya mpingo umene awiriwo amapemphera, kapena amayi ovina chimtali, amasangalatsa anthu pa mtengo wochepa poyerekeza ndi zokuzira mawu zochokera ku Chipata. Mkulu wodziwa mbiri akatchula mafuko a mbali ziwiri, monga a Phiri, a Banda, a Mbewe kapena a Mwale, ndi kufotokoza kumene makolo anachokera, ana amamva zimene sakanazipeza kwina.

Mphatso nazo zikhale zothandiza banja latsopano: khasu, nkhwangwa, mapoto, bulangeti, kapena msoti woti uyambe khola.

Kuchenjera ndi chisanu

M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limalowa isanakwane 18 koloko, ndipo kukangoda kumazizira kwambiri. Mwambo wa kutchalitchi ukayamba m'mamawa, anthu amadya masana ndi kubwerera kwawo kukadali kowala. Izi zimachepetsa ndalama za jenereta komanso ngozi za pamsewu, makamaka kwa oyenda pa njinga ndi pa njinga zamoto.

Okalamba ndi amayi a makanda apatsidwe malo otetezeka ku mphepo. Chisakasa cha udzu chimatchinga mphepo ndi fumbi, koma moto wophikira ukhale patali, chifukwa udzu wa nyengo ino umayaka msanga. Alendo ogona asalowetse mbaula m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya woipa wosanunkha umene umapha munthu ali m'tulo. Pakhalenso madzi aukhondo ndi sopo posambira m'manja, ndiponso chimbudzi chokwanira khamu.

Alendo akabalalika, banja latsopano limayamba moyo wake ndi zimene zatsala m'nkhokwe ndi m'thumba. Pofika Okutobala adzafunika kusosa munda, ndipo mu Novembala adzafunika mbewu. Ankhoswe ndi makolo amene aika malire pa phwando kuyambira pa msonkhano woyamba amathandiza ana awo kufika nyengo imeneyo alibe ngongole.